Immunotherapy ya khansa ya m'mapapo, zizindikiro za m'chotupa, ndi m'mene ntchito ya katswiri imayezedwera

Mu September 2025, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawonjezera mankhwala otchedwa pembrolizumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri omwe limalimbikitsa maiko kuti azikhala nawo m'zipatala, ndipo khansa ya m'mapapo yomwe yafalikira kale m'thupi inali m'gulu la matenda omwe mankhwalawa anawavomerezera. Nkhaniyi itafika kuno ku Dedza, ndinalandira mafunso awiri. Mayi wina amene amandigulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa paboma, atamva kuti mankhwalawa amagwira ntchito kudzera m'chitetezo cha m'thupi, anandifunsa kuti, "Bambo, kodi si omwe aja a m'mabotolo amene amati amakweza chitetezo?" Patapita masiku angapo, mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zachipatala anandionetsa pafoni mbiri ya katswiri wina wa kunja wofufuza za khansa ya m'mapapo, pomwe panalembedwa kuti akatswiri anzake atchula zolemba zake maulendo masauzande ambiri. Iye anati, "Amalume, kodi manambala amenewa akutanthauza kuti munthuyu wachiritsa anthu ochuluka kuposa anzake?"

Onse awiri ndinawayankha kuti ayi, koma ndinaona kuti yankho lalifupi chotero silinawathandize. Mafunsowa amakumana pamfundo imodzi. Chinthu chosaoneka ndi maso, kaya ndi zomwe zikuchitika m'kati mwa chotupa kapena phindu la ntchito ya munthu wofufuza, timachiyeza pogwiritsa ntchito chizindikiro, ndipo chizindikiro chilichonse chimanena zoona zina n'kusiya zina.

Khansa yomwe sitiimva kawirikawiri kuno

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse lili ndi malangizo olembedwa mu DNA onena nthawi yoti ligawikane ndi nthawi yoti life. Malangizowa ali m'ndime zotchedwa majini. Khansa imayamba pamene zilembo zina za m'malangizowa zasokonekera, selo n'kuyamba kuswana mosalekeza mpaka kupanga chotupa, chomwe pambuyo pake chimatha kumwaza maselo ake m'mafupa, m'chiwindi kapena mu ubongo.

M'chaka cha 2022, anthu pafupifupi 2.5 miliyoni pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mapapo ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira nayo, kuposa omwe anamwalira ndi khansa ina iliyonse. Madokotala amaigawa m'magulu awiri potengera maonekedwe a maselo ake pa maikulosikopu. Gulu la maselo ang'onoang'ono limakhudza odwala pafupifupi 15 pa 100 alionse, pomwe otsalawo amakhala ndi khansa ya gulu lina lomwe mwachidule limalembedwa NSCLC, ndipo nkhani ino ikukamba makamaka za gulu lachiwirili. Gwero lalikulu ndi utsi wa fodya, koma si lokhalo. Fumbi la miyala ya m'migodi, lomwe anapuma azibambo ambiri a ku Ntcheu ndi ku Dedza amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba, limadziwika kuti limayambitsa khansayi. Utsi wa nkhuni, womwe banja limaupuma likamaotha moto m'khitchini yotseka nthawi ya chisanu cha mu June, nawonso akatswiri anauika m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa.

M'mabuku a zipatala za m'Malawi, khansa zomwe zimapezeka kwambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya Kaposi sarcoma ndi ya kummero. Ya m'mapapo imalembedwa mwa apo ndi apo. Chifukwa china n'chakuti anthu athu ambiri ndi achinyamata pomwe nthendayi imakonda achikulire. Chifukwa chinanso n'chakuti zizindikiro zake, monga kutsokomola kwa nthawi yaitali, kulavula magazi, kuonda ndi kupweteka pachifuwa, n'zofanana ndi za chifuwa chachikulu, ndipo munthu amene sanatengedwe kachidutswa ka chotupa kuti kakayezedwe salowa m'kaundula wa odwala khansa.

Asilikali a m'thupi ali ndi mabuleki

Aliyense amene anakhalapo pabenchi ya kiliniki ya ma ARV anamvapo za asilikali a m'thupi ndi chiwerengero cha CD4. Maselo a CD4 ndi a m'banja la maselo otchedwa T, ndipo m'banja lomweli muli ena otchedwa CD8 omwe ntchito yawo ndi kupha selo lililonse lomwe lalowedwa ndi kachilombo kapena lomwe lasanduka lachilendo. Selo la khansa, popeza malangizo ake asokonekera, limapanga mapuloteni omwe thupi silinawaonepo, choncho asilikaliwa amatha kulizindikira. Funso lomwe linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri linali lakuti, ngati asilikali akuchiona chotupa, n'chifukwa chiyani amachisiya kuti chikule?

Yankho linapezeka m'mabuleki. Galimoto yotsika msewu wa Khwekhwerere popanda mabuleki singafike ku Golomoti, ndipo chitetezo chopanda chochibweza chingawononge mwini wake yemwe, kuyambira pakhungu mpaka m'matumbo. Mu 1992, gulu la Tasuku Honjo pa yunivesite ya Kyoto ku Japan linapeza puloteni ya pamwamba pa maselo a T yomwe linaitcha PD-1. Panthawiyo ankaganiza kuti imakhudzana ndi kufa kwa maselo, ndipo panatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti aonetse, mu 1999, kuti mbewa zobadwa zopanda PD-1 zimadwala chifukwa chitetezo chawo chimaukira thupi lawo lomwe. Mu 1996, James Allison, ali ku Berkeley m'dziko la America, anaonetsa kuti kutseka buleki ina yotchedwa CTLA-4 kumachititsa kuti zotupa za mbewa zithe. Mu 1999, Lieping Chen anapeza puloteni yomwe lero imatchedwa PD-L1, ndipo chaka chotsatira zinadziwika kuti imeneyi ndiyo imaponda buleki ya PD-1.

Zotupa zambiri zimavala PD-L1 pamwamba pa maselo ake. Msilikali akafika pafupi, PD-L1 imagundana ndi PD-1 yake ndipo amatsitsa chida, monga m'mene wapolisi wa parodibuloko amaloleza munthu kudutsa akamuonetsa chiphaso, ngakhale chiphasocho chili chakuba. Immunotherapy, kutanthauza chithandizo chogwiritsa ntchito chitetezo cha wodwala mwini, pankhani ino ndi mankhwala opangidwa kufakitale omwe amaphimba malo ogundanawo. Nivolumab, pembrolizumab ndi cemiplimab amaphimba PD-1, pomwe atezolizumab ndi durvalumab amaphimba PD-L1. Nthawi zambiri amaperekedwa padilipi, ndipo pembrolizumab amaperekedwa mamiligalamu 200 pa masabata atatu alionse mpaka zaka ziwiri.

Apa ndi pomwe pali yankho la mayi wa pamsika uja. Mankhwalawa sawonjezera asilikali, sapatsa thupi mphamvu ngati chakudya, ndipo sapha maselo a khansa mwachindunji ngati chemotherapy. Amangomasula buleki imodzi yodziwika. Palibe madzi a m'botolo kapena ufa wa zitsamba womwe unaonetsedwa kuti umachita zimenezi. Komanso kumasula buleki kuli ndi zovuta zake, chifukwa asilikali omasulidwawo nthawi zina amaukira mapapo, matumbo, chiwindi kapena chithokomiro, ndipo wodwala amafunika dokotala wodziwa kusiyanitsa vutoli ndi matenda ena kuti amupatse msanga mankhwala obweza chitetezo monga prednisolone.

Zomwe zinaoneka mwa odwala

Poyamba ambiri ankakhulupirira kuti njirayi ingathandize khansa ya pakhungu ya melanoma yokha. Mu 2012, Suzanne Topalian ndi Julie Brahmer a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti zotupa za odwala ena a khansa ya m'mapapo nazonso zinachepa. Kenako kunabwera kafukufuku woyerekeza magulu awiri a odwala osankhidwa mwamaere. Mu kafukufuku wa CheckMate 017, yemwe anafalitsidwa mu 2015 ndipo anali ndi odwala 272 omwe chithandizo choyamba chinali chitawakanika, 42 pa 100 alionse olandira nivolumab anali moyo patatha chaka, poyerekeza ndi 24 pa 100 alionse olandira mankhwala akale a docetaxel.

Mu 2016, Martin Reck wa ku Germany ndi anzake anafalitsa KEYNOTE-024, kafukufuku wa odwala 305 omwe anali asanalandire chithandizo chilichonse. Atawatsatira kwa zaka zisanu, pafupifupi 32 pa 100 alionse omwe anayamba ndi pembrolizumab anali moyo, pomwe mwa omwe anayamba ndi chemotherapy anali pafupifupi 16. Kwa nthenda yomwe kale inkatenga munthu m'chaka chimodzi ikafalikira, kusintha kumeneku n'kwakukulu, ndipo ine ndimakuona kukhala chimodzi mwa zinthu zofunika kwambiri zomwe zachitika pa chithandizo cha khansa m'badwo uno. Koma manambala omwewo akusonyezanso kuti odwala awiri pa atatu alionse sanafike zaka zisanu. Kuti madokotala adziwiretu amene angathandizike, amadalira chinthu chotchedwa biomarker.

Biomarker ndi chizindikiro choyezeka

Biomarker ndi chinthu chilichonse cha m'thupi chomwe chingayezedwe n'kuthandiza dokotala kudziwa za nthenda kapena kusankha chithandizo. Amalawi timazidziwa bwino ngakhale sitizitchula dzina limeneli. Shuga wa m'magazi ndi biomarker, chiwerengero cha CD4 chimodzimodzi. Ndipo tikukumbukira kuti kale munthu ankadikira kuti CD4 yake itsike kufika pa mlingo woikika asanayambe ma ARV, mlingowo n'kumasinthidwa pakapita zaka, mpaka mu 2016 pomwe aliyense wopezeka ndi kachilombo anayamba kulandira mankhwala posatengera chiwerengerocho. Thupi la munthu silinasinthe m'zaka zimenezo. Chomwe chinkasintha ndi mzere womwe akatswiri anajambula.

Pa khansa ya m'mapapo, chizindikiro chogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi PD-L1 yomwe ija. Dokotala amatenga kachidutswa ka chotupa, a mulabu amakaumitsa mu sera, n'kukasenga mopyapyala kwambiri ndi kukapaka mankhwala omwe amasiya mtundu wa khofi paliponse pomwe pali PD-L1. Kenako katswiri woona za maselo amayang'ana pa maikulosikopu maselo a khansa osachepera 100 ndi kuwerenga omwe asintha mtundu. Zotsatira zimagawidwa patatu: osakwana 1 pa 100, kuyambira 1 mpaka 49, ndi 50 kupita m'mwamba. Odwala onse a mu KEYNOTE-024 anali a gulu lomalizali, lomwe linali pafupifupi 30 pa 100 alionse mwa omwe anayezedwa.

Kufunika kwa mzerewu kunaoneka pamene kafukufuku wofanana naye, CheckMate 026, anayesa nivolumab ngati chithandizo choyamba koma n'kuika mzere pa 5 pa 100 m'malo mwa 50. Mankhwalawo sanapose chemotherapy. Mankhwala awiriwa amagwira buleki imodzi, koma wina anapambana ndipo wina analephera, ndipo akatswiri ambiri amati kasankhidwe ka odwala kanali chimodzi mwa zifukwa zazikulu.

Ngakhale zili choncho, PD-L1 simanena zonse. Mwa odwala a PD-L1 yokwera a mu KEYNOTE-024, omwe zotupa zawo zinachepa moonekeratu ndi pembrolizumab anali pafupifupi 45 pa 100 alionse, kutanthauza kuti oposa theka sanaone kusintha koteroko. Mbali inayo, kafukufuku wa KEYNOTE-189 wa mu 2018, yemwe anatsogoleredwa ndi Leena Gandhi, anaphatikiza pembrolizumab ndi chemotherapy ndipo anapeza phindu ngakhale mwa odwala omwe PD-L1 yawo inali yosakwana 1 pa 100. Zifukwa zake n'zomveka. Chotupa sichifanana mbali zonse, ndipo kachidutswa kotengedwa ndi singano kali ngati chimanga cha m'dzanja limodzi chomwe wogula watapa pamwamba pa thumba kuti aweruze thumba lonse. Komanso makampani osiyanasiyana anapanga mankhwala opakira osiyana, ndipo akatswiri atawayerekeza mu ntchito yotchedwa Blueprint anapeza kuti atatu, 22C3, 28-8 ndi SP263, amapereka zotsatira zoyandikana, pomwe SP142 amaonetsa maselo ochepa pa chotupa chomwecho.

Pali zizindikiro zina zomwe zimauza dokotala kuti atenge njira ina. Mu 2004 zinadziwika kuti zotupa zina zimakula chifukwa cha kusokonekera kwa jini imodzi yotchedwa EGFR, ndipo mu 2007 gulu la Hiroyuki Mano ku Japan linapeza vuto lofanana nalo pa jini ya ALK. Odwala oterewa, omwe ambiri mwa iwo sanasutepo fodya, amathandizika kwambiri ndi mapiritsi olunjika pa jiniyo, monga osimertinib kwa a EGFR, ndipo immunotherapy yokha siwathandiza kwenikweni ngakhale PD-L1 yawo ikhale yokwera. N'chifukwa chake dokotala wosamala amayeza majini amenewa asanasankhe chithandizo. Kusokonekera kwa EGFR kumapezeka mwa odwala pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse ku Ulaya koma pafupifupi theka la odwala a mtundu umodzi wa khansayi kum'mawa kwa Asia, zomwe zikusonyeza kuti zotsatira za kafukufuku wa dera lina sizingangokopedwa n'kuikidwa pa anthu a dera lina.

Nkhani ya TMB

Chizindikiro chomwe chimalumikiza bwino mafunso awiri aja ndi TMB, chomwe ndi chiwerengero cha zilembo zosokonekera pa zilembo miliyoni imodzi za DNA ya chotupa. Ganizo lake ndi lakuti chotupa chokhala ndi zolakwika zambiri chimapanga mapuloteni achilendo ambiri, choncho asilikali omasulidwa sangavutike kuchiona. Mu 2015, Naiyer Rizvi, Timothy Chan ndi anzawo a ku chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York anafalitsa m'magazini ya Science zotsatira za odwala 34 zosonyeza zimenezi, ndipo anaonetsanso kuti zotupa zokhala ndi chipsera cha utsi wa fodya mu DNA zinkamvera mankhwala kwambiri. Cholembachi chatchulidwa maulendo masauzande angapo ndipo chinatsegula njira ya kafukufuku wochuluka.

Mu 2018, kafukufuku wa CheckMate 227 anasonyeza kuti odwala okhala ndi TMB ya 10 kapena kuposa ankakhala nthawi yotalikirapo nthenda isanakule akalandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab, mankhwala otseka buleki ya CTLA-4, poyerekeza ndi olandira chemotherapy. Koma atawerengetsa kutalika kwa moyo, phindu linali lofanana kwa a TMB yokwera ndi a TMB yotsika, ndipo kumayambiriro kwa 2019 kampani ya Bristol Myers Squibb inabweza pempho lomwe inapereka ku boma la America loti mankhwalawo avomerezedwe potengera TMB. Mu 2020, boma lomwelo linavomereza pembrolizumab kwa odwala khansa zosiyanasiyana okhala ndi TMB yokwera omwe njira zina zawakanika, ndipo mpaka lero akatswiri ena amaona TMB kukhala yothandiza pomwe ena amati siyokwanira kusankhira chithandizo cha khansa ya m'mapapo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe ikutikhudza ife mwachindunji. Malabu ambiri amayeza DNA ya chotupa chokha, n'kuchotsera zilembo zomwe munthu anabadwa nazo poyerekeza ndi nkhokwe za DNA ya anthu athanzi. Nkhokwe zimenezi zinadzaza ndi DNA ya anthu ochokera ku Ulaya. Mu 2022, ofufuza a ku Boston anaonetsa kuti njirayi imakweza TMB ya anthu omwe makolo awo anachokera kwina, makamaka ku Africa ndi ku Asia, chifukwa zilembo zachibadwa zomwe sizili m'nkhokwemo zimawerengedwa ngati zolakwika za khansa.

M'mene akatswiri amayezerana

Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba zomwe wapeza, anzake odziwa nkhaniyo amaziunika, kenako zimasindikizidwa m'magazini ya sayansi. Wina akadzagwiritsa ntchito zomwe walembazo, amatchula cholembacho kumapeto kwa chake. Zili ngati mlimi wa ku Bembeke amene mbewu yake ya kachewere yatengedwa ndi alimi ambiri, aliyense n'kumanena komwe anaitenga. Eugene Garfield ndiye anayambitsa kaundula wowerengera kutchulana kumeneku, yemwe anatuluka mu 1964, ndipo lero ntchitoyi imagwiridwa ndi nkhokwe za pa intaneti monga Web of Science, Scopus ndi Google Scholar. Nkhokwezi siziwerenga zolemba zofanana, choncho munthu mmodzi amakhala ndi manambala atatu osiyana.

Nambala ina yomwe mwana wa mlongo wanga anandilozera inali h-index, yomwe anaiyambitsa mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego. Tanthauzo lake ndi losavuta. Munthu amene h-index yake ndi 20 ali ndi zolemba 20 zomwe chilichonse chatchulidwa maulendo osachepera 20. Ubwino wake ndi wakuti sinyengedwa ndi cholemba chimodzi chotchuka kapena mulu wa zolemba zomwe palibe waziwerenga, ndipo imasonyeza kuti munthu wakhala akutulutsa ntchito yomwe anzake amaigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali. Chimenechi si chinthu chaching'ono.

Koma nambalayi ili ndi malire ngati a PD-L1. Siitsika ngakhale munthu atasiya ntchito, choncho imakomera achikulire. Kafukufuku wamkulu wa mankhwala amalembedwa ndi anthu makumi angapo a m'maiko osiyanasiyana, ndipo onse amalandira chiwerengero chofanana, kaya ndi amene anakonza kafukufukuyo kapena amene chipatala chake chinapereka odwala ochepa. Mutu umodzi susenza denga, koma nambalayi sinena amene anasenza mbali yolemera. Kutchula cholemba sikutanthauzanso kugwirizana nacho, chifukwa otsutsa TMB nawonso amatchula cholemba cha mu 2015 chija. Ndipo kukula kwa nambala kumadalira kuchuluka kwa anthu ofufuza nkhani imodzimodzi. Khansa ya m'mapapo imafufuzidwa ndi akatswiri masauzande, ndipo kafukufuku wamkulu amalipiridwa ndi makampani opanga mankhwalawo, monga Merck pa KEYNOTE ndi Bristol Myers Squibb pa CheckMate. Katswiri wofufuza khansa ya kummero ku Blantyre kapena Kaposi sarcoma ku Lilongwe sangayembekezere manambala ofanana, ngakhale ntchito yake itakhala yosamalitsa chimodzimodzi. Pozindikira zovuta zotere, mu 2012 akatswiri ndi akonzi a magazini anakonza chikalata cha DORA ku San Francisco chopempha kuti munthu aziyezedwa ndi zomwe wapeza osati ndi kutchuka kwa magazini yomwe walembamo.

Nthawi nayo imasokoneza kuwerengera. Kuchokera pomwe Honjo anapeza PD-1 mu 1992 mpaka pomwe nivolumab anavomerezedwa koyamba ku Japan mu 2014 panadutsa zaka 22. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu woyeza ntchito ya Honjo ndi manambala mu 1997 sakanaona chomwe chinali kubwera. Mphotho ya Nobel ya mu 2018 inapita kwa Allison ndi Honjo, pomwe ena omwe anafotokoza za PD-L1, monga Lieping Chen, Gordon Freeman ndi Arlene Sharpe, sanatchulidwe, nkhani yomwe akatswiri amakambiranabe.

Njira ina yoyezera ndi kufunsa ngati zomwe munthu anapeza zinasintha zochita za dokotala. KEYNOTE-024 inalowa m'malangizo a madokotala pa dziko lonse ndipo inachititsa kuti kuyeza PD-L1 kukhale chizolowezi. Malawi ali ndi chitsanzo chakechake cha phindu la mtundu umenewu: ndondomeko ya Option B+, yoyambitsa ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo posadikira CD4, inayamba kuno mu 2011 ndipo WHO inaiika m'malangizo ake mu 2013.

Zomwe zikutanthauza kwa wodwala wa ku Dedza kapena ku Ntcheu

Kuikidwa kwa mankhwala pa mndandanda wa WHO sikutanthauza kuti afika m'famase ya chipatala cha boma. Ku America, mtengo wolembedwa wa pembrolizumab umaposa madola 10,000 pa dilipi imodzi, ndipo wodwala angafunike madilipi okwana 35. Mndandandawu umathandiza maboma pokambirana mitengo, ndipo umwini wa kampani pa mankhwalawa ukuyembekezeka kuyamba kutha mu 2028, zomwe zingalole makampani ena kupanga ofanana nawo. Ku chipatala cha khansa cha Tata Memorial mumzinda wa Mumbai ku India, ofufuza anayesa nivolumab wochepa kwambiri, mamiligalamu 20 okha pa masabata atatu, pamodzi ndi mankhwala ena kwa odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, ndipo anapeza kuti anatalikitsa moyo. Imeneyo sinali khansa ya m'mapapo, koma ndi mtundu wa funso lomwe limafunsidwa ndi akatswiri ogwira ntchito pakati pa anthu osauka.

Pali mafunso ena omwe ndi athu. Kafukufuku wamkulu yemwe ndatchula sankalowetsa anthu omwe ali ndi HIV. Kafukufuku wocheperako wa pambuyo pake, monga wa odwala 30 yemwe Thomas Uldrick anafalitsa mu 2019, anasonyeza kuti anthu omwe ali pa ma ARV angalandire pembrolizumab popanda zovuta zoposa za ena. Madokotala alembanso za odwala omwe chifuwa chachikulu chomwe chinali chogona m'thupi mwawo chinadzuka atayamba mankhwalawa. M'dziko lomwe matenda awiriwa ali ponseponse, zimenezi n'zofunika kuzifufuza pakati pa odwala athu, ndipo ndi ntchito yoyenera akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi anzawo a m'maiko oyandikana nafe.

Koma zonsezi zimayambira pa kudziwa kuti munthu akudwala chiyani. Munthu amene watsokomola kupitirira masabata awiri ayenera kuyezetsa makhololo, ndipo ngati makina a GeneXpert sanapeze chifuwa chachikulu, kapena ngati wamwa mankhwala a TB mokhulupirika koma akupitiriza kuonda ndi kulavula magazi, ndi bwino kuti iye kapena womudikirira afunse adokotala ngati pangafunike kujambula pachifuwa ndi kumutumiza ku chipatala chachikulu. Odwala a m'maboma athu awiriwa amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe labu yoyeza tizidutswa ta zotupa inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, bungwe la yunivesite ya North Carolina ya ku America. Kachidutswa koumitsidwa mu sera kamasungika kwa zaka zambiri, ndipo kachidutswa komweko komwe kamatsimikiza kuti nthenda ndi khansa ndi komwenso kamasengedwa poyeza PD-L1, EGFR ndi ALK.